Wokanidwa Aziuzidwa

Jairos ankakonza fayawolo, pulogalamu yoletsa makompyuta achilendo kulowa pa netiweki, muofesi ina ku Waterfall East.

"Kompyuta yachilendo ikagogoda, makinawa azingokhala duu, asamayankhe," anatero abwana ake, n'kutuluka.

Jairos anapsa mtima. Anakumbukira mmene ankaimira pageti la mgodi ku Luka, dzuwa likumuwamba, akupempha ntchito, alonda osamuyang'ana n'komwe. Akanangomuuza kuti ntchito kulibe, bwenzi atapita kwina.

"Kwathu munthu akati odi timamuyankha, ngakhale tisakumufuna," anang'ung'udza, akumenya mabatani ngati amulakwira.

Analemba lamulo lakelake: makinawo azikana ndithu, koma aziyankha kuti ayi.

Masana abwana anatulukira zimenezi, n'kufunsa mokalipa kuti wasintha lamulo ndani. Jairos anangokhala duu.