Pakona ya Buluu

Mphunzitsi wa ana oyamba kumene sukulu anabwerako ku maphunziro a aphunzitsi ndi mfundo imodzi imene inawalowa mumtima: akuti kuwala kwa buluu kumakhazika ana pansi. Mababu otero pasukulupo panalibe, choncho anagula mapulasitiki a buluu okutira makope n'kumata pa mawindo akumbuyo. Kutsogolo kokha, cha kukhomo, n'kumene dzuwa linkalowabe loyera.

Pakona yoderayo anaikapo Kamphepo, mwana amene matako ake sankagwirizana ndi mpando. Ameneyu ankayankha asanalozedwe, ankaimba anzake akulemba. Posakhalitsa anangoti zii.

"Mwam'mwetsa chiyani ameneyu, madamu?" anafunsa ahedi atasuzumira.

"Nzeru za kumaphunziro, bwana," iwo anayankha akumwetulira.

Koma makadi owerenga, amene mphunzitsiyo ankalemba pamanja n'kugawira mwana aliyense, Kamphepo ankangowayang'anitsitsa, n'kuwafikitsa pamphuno. Tsiku lina mphunzitsiyo mtima unawapsa.

"Werenga, iwe! Mutuwo ndi mwala kapena?"

Ana anafa nalo phwete. Kuyambira pomwepo dzina la Kamphepo linazimirira, anakhala Chimwala. Mphunzitsi anauzanso ahedi kuti mwanayo adzabwereze kalasi.

Mayi a mwanayo, omwe anali telala, anabwera tepi ili m'khosi.

"Madamu, kunyumba ameneyu amawerenga ngakhale pepala lokutira sopo, timachita kum'landa kuti asambe. Ndiye abwereza bwanji?"

"Ana ena amangoloweza, mayi. Bwerani mudzionere nokha."

Anapita nawo pakona paja. Kuti aonetse kufatsa pamaso pa kholo, mphunzitsi anakhala pa kampando koyandikana ndi mwanayo, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kutola khadi kuti aloze chilembo choyamba. Chala chinaima m'malere. Makadi onse ankalemba ndi bolopeni ya buluu, atakhala patebulo lawo la kukhomo. Kuno pepala nalonso linali labuluu, zilembo zitasungunukiramo ngati mchere m'madzi. Iwo omwe, mwini dzanja, anachita kutsinzinira kuti azione.

Anam'gwira mwana pamkono n'kupita naye kukhomo.

"Tawerenga apa, mwanawe."

Mwanayo anayamba wayang'ana nkhope yawo, ngati akuyeza ngati muli mkwiyo. Kenako, chapansipansi: "Mbuzi yadya malaya a atate."

"Abweretse otsalawo ndiwasoke," anatero telala uja akuseka. "Nanga mwalawo uli pati, madamu?"

"Sabwereza, mayi. Pepani ndithu."

Nthawi yopuma itakwana, mphunzitsi anakwera pa desiki n'kuyamba kumatula mapulasitiki aja. Ankamatuka mosavuta, moti mpaka zinawapweteka mtima. Dzuwa litagwera pakona paja, anamva ana akukuwa pabwalo.

"Chimwala! Ponya mpira kuno, Chimwala!"

Anasuzumira pawindo, zala zili nyatanyata ndi guluu, akuyembekeza kuti mwanayo akwiya kapena akana. Koma iye anatembenuka msanga, monga amachitira munthu akaitanidwa dzina lake, n'kuponya.