Mtsempha Wobwereka

Sizasi inagwa pansi, mutu wa a Kiril utametedwa mbali imodzi yokha.

"Tsvetan, mwalawirira mowa wa rakiya lero?" anaseka a Kiril, kasitomala wathu wakalekale.

 Mwamuna wanga ankangoyang'ana dzanja lake lamanja. Chala chachikulu chinali chitazyolika, chitagonera m'chikhatho. Ndinasiya tsache n'kumuthamangira.

"Radka," anatero chapansipansi, "chikukana kudzuka."

Dzanjali linathyoka pamfundo m'nyengo yachisanu, iye ataterereka pa madzi oundana pakhomo pa shopu yathu yometera m'tauni ya Gabrovo. Chikhakha anali atachotsa kalekale, moti ife tinkati zatha. Tsiku logwa sizasilo a Kiril anabwerera kwawo atazika chipewa mpaka m'makutu.

Kuchipatala tinapeza Dokotala Velinova, mayi wamfupi wolankhula mothamanga. Atamuyeza Tsvetan, anagwira dzanja langa.

"Tambasulani chala chachikulu, mayi, bambowa aone."

Nditatero, pamfundo panaoneka kadzenje pakati pa mitsempha yotukuka.

"Mwauona mtsempha uwu wa chakumsana kwa dzanjawu? Ndi umene umadzutsa chala. Umakhota pa kafupa apa ngati chingwe cha pachitsime. Wanu, bambo, wakhala ukukhulika pa fupa lothyoka lija mpaka waduka."

"Ndiye ulumikizenitu, adokotala," anatero Tsvetan.

"Wayoyoka, sungasokeke. Koma chala cha mkombaphala chili ndi mitsempha iwiri yochidzutsa. Tibwerekako umodzi, tiusamutsire ku chachikulu."

"Nanga mwini wake akadzaufuna?"

"Sadzadziwa n'komwe," dokotala anaseka.

Tsvetan nayenso anasekako, koma titatuluka panja anaima pansi pa mtengo nthawi yaitali. Munthuyu anayamba ntchito yometa anthu iye ndevu zisanamere.

"Zikakanika, ine ndidzakhala ndani, Radka?"

 Ndinangomumanga mabatani a jekete, limodzilimodzi mpaka m'khosi, iye chibwano atakweza ngati mwana wopita ku tchalitchi.

Opaleshoni inatheka. Kwa milungu ingapo dzanja linali lomangidwa. Ndinkamudulira buledi ndi tchizi, ndinkamumeta ndevu iye akudandaula kuti ndikumusenda ngati mbatata. Pakhomo pa shopu fumbi linaunjikana, makasitomala ena n'kuyamba kupita kwa wometa wa kumsika. Zimenezo sindinamuuze.

Tsiku lomasula litafika, dokotala anayala dzanjalo patebulo. Linali litawonda, lotuwa, ndi timabala titatu tosokedwa bwino.

"Dzutsani chala."

Tsvetan analuma mano. Thukuta linatuluka pamphumi. Chala chinangoti phee.

"Basi, chafa ichi," anatero.

"Sichinafe ayi. Mtsemphawo sukudziwa kuti unasamuka, ukudikirabe kuti muitane chala chake chakale. Iwalani chachikulucho. Lozani chinthu."

"Ndiloze chiyani?"

"Chimene mwakonda."

Anayang'ana zenera, anayang'ana kabati ya mankhwala, kenako anatembenukira pakona pamene ndinakhala nditakumbatira chikwama. Anakweza mkono pang'onopang'ono. Chala cha mkombaphala chinawongoka, kulunjika pamtima panga. Pambali pake chala chachikulu chinagwedezeka, chinazengereza, kenako chinadzuka, chikunjenjemera ngati mwana wa ng'ombe amene wangoimirira koyamba.

"Kuloza anthu ndi mwano, bambo inu," ndinatero, misozi italowa kale m'kamwa.

Dokotala anali atayamba kulongosola za masewero a zala oti azikachita kunyumba. Tsvetan sankamva. Mkono sanautsitse.