Kubuula Kuseri kwa Khoma

"Lowa msanga, iwe, basi yafika kale!" anatero a Ebo, uku akukankhira Fiifi, mwana wa mlongo wawo, pa kachitseko ka kuseri kwa nyumba yakale ija. "Ndipo lero usandichititse manyazi. Dzana unabuula ngati mbuzi yoti yameza pulasitiki."

"Mbuzi yomweyo ndi imene inaliza alendo anu, amalume."

"Tamumvani pulofesa! Koleji anaisiyira panjira, koma pakamwa pokha pali digiri. Lowa!"

Fiifi anawerama n'kulowa, ndipo chitseko chinatsekedwa. Kachipindako kanali kosungiramo onga wa mfuti kalekale, nyumbayo ikadali ya mzungu wogula anthu muno m'tauni ya Elmina, m'mphepete mwa nyanja. Munalibe zenera. Munali kabowo kamodzi kokha m'munsi mwa khoma, kotulukira m'chipinda chachikulu chomwe ankatsekeramo akapolo aakazi. A Ebo ankayendetsa alendo odzaona malo m'misewu yakale ya tauniyo, kuwaonetsa pomwe anthu ankagulitsidwira ndi pomwe ankatayira ofooka, kenaka ulendo unkathera m'chipinda chimenecho. Akatseka chitseko n'kumenya ndodo pansi katatu, ntchito ya Fiifi inali kubuula pa kabowo paja.

Tsiku loyamba sankadziwa kuti mzukwa umalira bwanji. Atatsegula pakamwa mumdimamo, panatuluka mawu a mayi ake, a Araba, momwe ankabuulira sabata yawo yomaliza: kukoka mpweya kawiri, kenaka kubuula kotalika kothera m'khosi, ngati munthu wofuna kutchula dzina koma laiwalika. Fiifi ndiye anasiya sukulu kudzawadwazika, ndipo mawuwo anamukhala m'chifuwa. A Ebo sanawazindikire, poti matenda a mlongo wawo ankangowamvera pafoni. Anangoti, "Eya, amenewo! Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwana iwe." Fiifi ankadana nayo ntchitoyo. Komabe padziko lonse malo okhawo omwe ankamvako mayi ake anali amenewa.

Anakhala pansi, mawondo pachibwano. Posakhalitsa anamva nsapato zikutsika makwerero, ndi mawu a amalume ake, mawu omwe ankanenepa a Ebo akakhala pamaso pa alendo.

"Khudzani khomali, abale anga. Mukumva mizereyo? Ndi zikhadabo za amayi athu. Ankagona muno mothithikana, wamoyo kutsamira wakufa, kudikira sitima. Pansi pomwe mwapondapo si dothi ayi. Ena sanakwere sitimayo, ndipo mpaka lero sanatuluke muno. Zimitsani mafoni. Tiwapatse ulemu."

Chitseko chachikulu chinalira n'kutsekeka. Kuwala komwe kunkalowa pa kabowo kunazima. Ndodo inagunda pansi katatu.

Fiifi anatsitsa mutu n'kubuula.

Mayi wina anakuwa pang'ono, wina anaseka mwamantha. Fiifi ankati akokenso mpweya pomwe chinthu chozizira chinamukhudza chala chakumwendo. Anadzidzimuka n'kugunditsa mutu pakhoma. Chinthucho chinkayenderera, chikulowa pansi pa phazi lake. Kenaka fungo linamufika m'mphuno. Unali mowa wa jini, womwe anthu amathirira mizimu pansi.

"Araba."

Mawuwo anachokera pa kabowo penipeni, ngati mwini wake wagwada. Anali bambo ake, a Kwamena. Fiifi anali ataiwala kuti linali Lachiwiri, tsiku lomwe asodzi ngati bambo akewo sapita panyanja.

"Alamu!" anatero a Ebo, mawu atawonda mwadzidzidzi. "Mwalowa nthawi yanji muno?"

"Ndalowa ndi alendo ako. Mayi wogulitsa mikanda pakhomopa anandiuza kuti muno mumalira munthu, ndipo ndimati ndi nkhambakamwa za akazi. Ebo, mlongo wako akulira m'nyumba mwako, iwe n'kumalipiritsa anthu pakhomo, osandiuza?"

"Si iyeyo, alamu. Awa ndi akalekale, a nthawi ya ukapolo. Tiyeni panja tikakambirane ngati akuluakulu."

"Ukundiphunzitsa mawu a mkazi wanga? Ndinagona pambali pake mpaka tsiku lomwe anatsirizika. Unalipo iwe?"

Mlendo wina ananong'oneza mnzake kuti sewerolo analikonza bwino. Wina anayatsa foni, koma a Kwamena anakalipa, ndipo kuwalako kunazimanso. Fiifi anadzitseka pakamwa ndi manja onse awiri. Ankamva kupuma kwa bambo ake kuseri kwa khomalo, pafupi kwambiri moti akanapisa dzanja pa kabowo akanawagwira ndevu.

"Araba, mayi a Fiifi, imwa," anatero a Kwamena, ndipo jini wina anayenderera. "Ndikudziwa chomwe sukugonera. Munthu sauma ngati nsomba ya pa uvuni popanda womuumitsa. Ndabwera kuti undiuze wekha. Anyamata a m'bwato langa ali panjapa, akungodikira mawu ako."

Fiifi anadziwa dzina lomwe linkabwera lisanatchulidwe. Chiikireni maliro, bambo ake ankangolankhula za mayi Kukua, mayi wachikulire wopanda mwana, yemwe uvuni wake wowambira nsomba unayandikana ndi wa a Araba. Akazi awiriwo anakanganapo za nkhuni chaka chatha, basi. Koma ana anali atayamba kale kuponya miyala padenga pa mayi Kukua powati ndi mfiti, ndipo amayi ena anasiya kugula nsomba zawo.

"Patse ndodoyo, Ebo."

"Alamu, mizimu siyankha mafunso ngati kukhoti."

"Ndati patse! Ndamva momwe umamuitanira."

Kunamveka kulimbana pang'ono, kenaka a Ebo anangoti, "Ee, chabwino, chabwino." Fiifi anadikira kuti amalume ake aulule. Anadikira ndithu. Koma a Ebo anali ndi alendo odzaza chipinda, ndipo anasankha kukhala chete.

"Araba," anatero a Kwamena pang'onopang'ono, "ngati anakudya ndi Kukua, buula."

Ndodo inagunda katatu.

Fiifi anasiya kupuma. Fumbi la m'kachipindamo linkamukanda kukhosi, ndipo chifuwa chinkafuna kutuluka chokha. Anadziluma dzanja mpaka misozi inatsika. Akangokhosomola, ngakhale kamodzi, anyamata aja akanathamangira kwa mayi Kukua ndi nkhafi m'manja. Anawaonapo zomwe anachita kwa wakuba wina kudoko. Anauza mtima wake kuti ungopirira pang'ono, bambo atopa, anyamuka.

Chete uja anatalika. Palibenso mlendo yemwe ankaseka.

"Mwamva?" anatero a Kwamena. "Mwamva nonse? Posachedwapa amalira, koma ndangotchula dzina la mfitiyo, wangoti duu. Akumuopa! Ngakhale kumanda wamumanga pakamwa. Usaope, mkazi wanga, ndamva. Tsegula chitseko, Ebo. Lero dzuwa silimulowera m'tauni muno."

Fiifi anamva mawondo a bambo ake akulira podzuka. Anazindikira kuti kubuula kukanawapha mayi Kukua, ndipo kukhala chete kunkawaphanso. Mpiringidzo wa chitseko chachikulu unayamba kusuntha.

Anagwetsa nkhope pa kabowo, tsaya lili mu jini.

"Bambo."

Mlendo wina anakuwa kwenikweni tsopano.

"Bambo, musapite. Ndine."

"Ndani?" Mawu a bambo ake anali aang'ono, ngati a mwana.

"Ndine Fiifi. Ndili m'kachipinda ka onga. Wobuula uja ndine, masiku onse. Amalume amandilipira."

Kenaka alendo anayamba kung'ung'udza, chitseko chinatseguka, ndipo nsapato zinakwera makwerero mwaphokoso, a Ebo akuzithamangira pambuyo. "Abale anga, dikirani, mbiri yonse ija ndi yoona! Zikhadabo zija ndi zenizeni!" Zinalidi zenizeni. Palibe anabwerera.

Pa kabowo panaoneka mapazi a bambo ake okha, ong'ambika ndi mchere.

"Mawu amene aja unawatenga kuti?"

"Kwa amayi."

"Mayi ako akufa, iwe unkaloweza?"

"Sindinaloweze, bambo. Anangokhalamo. Sachoka." Fiifi anayandikitsa pakamwa pa kabowo. "Amayi anafa ndi chotupa, adokotala anakuonetsani chithunzi chake. Inu mukakhala panyanja, ankabwera kudzandithandiza kuwatembenuza ndi kuwasambitsa ndi mayi Kukua. Amayi anati ndisakuuzeni, poti simukanawalola kulowa m'nyumba."

Mapazi aja sanasunthe. Botolo linaikidwa pansi mwakachetechete. Kenaka mapaziwo anatembenuka n'kupita, osafulumira, ndipo Fiifi sanadziwe ngati bambo ake amva kapena ayi.

Anakankha kachitseko ndi phewa. A Ebo anali atakokera panja. Anamenya ndi mwendo, kachiwiri, kachitatu, mpaka msomali wadzimbiri unazuka. Dzuwa linamulasa m'maso. Anathamanga kuzungulira nyumbayo akupunthwa, ndipo atafika kumaso anapeza anyamata anayi ataimirira pamthunzi, nkhafi zili m'manja, bambo ake ali pakati pawo.

"Wati chiyani, bwana?" anafunsa wamtali mwa iwo. "Watchula?"

A Kwamena anayang'ana mwana wawo, malaya ali fumbi lokhalokha, tsaya likununkha jini. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Munalibe munthu m'menemo," anatero. "Kasokeni maukonde."

Anyamatawo anayang'anana. Wamtali uja analavula pansi, osakhutira, ndipo ananyamuka mozengereza, nkhafi zili paphewa. A Kwamena anadutsa pafupi ndi Fiifi osaima.

"Usabwere kunyumba," anatero chapansipansi. "Sindingathe kumva mawu ako pakali pano."

Fiifi anawaperekeza ndi maso mpaka anakhota pa mlatho. Kenaka anatsika njira ya kumauvuni. Anapeza mayi Kukua akutembenuza nsomba mu utsi, maso ali psuu, osadziwa kanthu.

"Mwana wa Araba! Wagwera m'dzenje? Taona momwe ukunjenjemerera. Wadya koma?"

"Ayi, mayi."

"Ana a sukulu inu, mumayesa mabuku amakhutitsa. Khala apo."

Anamupatsa nsomba yotentha pa pepala. Fiifi anakoka benchi n'kuliika pakhomo pawo penipeni, moyang'ana njira yochokera kudoko. Anyamata aja anali ataima patali, pafupi ndi mabwato, ndipo maukonde sanawakhudze.

"Ukudikira munthu?" anafunsa mayi Kukua.

"Ndingokhala pano masiku angapo, mukandilola," anatero Fiifi, maso osawachotsa kunjirako. Nsomba ija inazizira m'manja mwake.