Utsi wa wailesi ya atate

"Zimitsani! Zimitsani jeneretayo!" anakuwa Aaron, maso ali pa mita yoyezera magetsi.

Yoram, mwini jenereta, anaizimitsa monyinyirika. Anali ataikankha pa njinga kuchokera kumsewu waukulu kumene ankaonetserako mavidiyo, ndipo thukuta linali lisanamuume.

Pa tebulo la pakhonde panali ampulifaya yokuzira mawu imene Aaron anaipanga yekha, babu italumikizidwa pa waya wake. Anali atalonjeza kwaya ya ku Mpanshya kuti pa ukwati wa Loweruka nyimbo zawo zimveka mpaka kuphiri. Mavavu ake agalasi ankayaka mofiira ndithu, koma singano ya mita inkakana. M'malo mofika pa mavolti 300, inkangonjenjemera pa 90.

"Vuto ndi babu lanulo, ba Aaron," anatero Yoram. "Likudya magetsi onse. Ng'ombe mwaimanga pakamwa, ndiye mukudabwa kuti sikunenepa?"

"Babulo ndi mlonda wanga," anayankha Aaron mokalipa. "Ndaliika panjira ya magetsi dala. Likawala chonchi ndiye kuti mkatimu muli mawaya amene akhudzana. Ndikalichotsa zipsa."

Anaigubuduza ampulifayayo chagada nayamba kulondola waya mmodzimmodzi. Anayeza apa, anayeza apo. Sanapeze kanthu. Yoram atailizanso jenereta, singano inabwerera pomwe paja, ndipo anaizimitsanso.

Nthawi yomweyo mkazi wake Philomena anafika kuchokera kuchipatala kumene ankachapa zofunda. Anawapatsa moni nalowa m'nyumba. Posakhalitsa anatuluka atanyamula chibokosi chathabwa cha wailesi, kumbuyo kwake kuli pululu.

"Atate a Mapalo, za mkati mwa wailesi ya atate anga zili kuti?"

Aaron sanadzutse mutu. "Ndangobwerekako mavavu ndi thiransifoma. Ndibwezeramo."

"Mwabwereka kwa ndani? Atate anadzuka kumanda n'kukupatsani? Abale anga anagawana ng'ombe, njinga, ngakhale malata. Ine ndinapempha chinthu chimodzi chokhachi!"

"Inkangosunga mphemvu! Magetsi oimvera tili nawo pano?"

"Mphemvuzo zinali zanga!"

Yoram anaseka, kenaka anatsokomola kuti abise. Kusekako n'kumene kunamupsetsa mtima Aaron koposa. Mkazi akumukalipira pamaso pa mlendo, singano nayo ikumunyoza. Aaron anazula babu lija, napotokola mawaya ake awiri pamodzi.

"Lizani jenereta! Amve yekha kuti wailesi ya atate ake sinalirepo ngati mmene ilirire lero."

"Kuthamanga si kufika, ba Aaron," anatero Yoram, tsopano alibe nthabwala.

"Si inu munati ndilichotse? Lizani!"

Jenereta inabangula. Singano inanyamuka, inadutsa 150, inafika 200. Aaron anacheukira mkazi wake kuti amuonetse. Pomwepo kunamveka kuti phu! Singano inagwa mpaka pansi, ndipo utsi wakuda wonunkha phula unafuka m'thiransifoma.

Yoram anazimitsa osadikira kuuzidwa.

Utsi utachepa, Aaron anachiona chimene ankachifuna: kadontho ka mtovu wowotcherera, kochepa ngati njere ya mapira, katagwera pakati pa waya wa mavolti ambiri ndi chitsulo cha pansi. Kankafunika kungokatokosa ndi nsonga ya mpeni.

"Mwina ku Lusaka ingapezeke thiransifoma ina," anayamba kunena, mawu ali pansi.

"Ina," anabwereza Philomena.

Sanakuwenso. Anadikira kuti mavavu azizire, anawazula limodzilimodzi, nawakulunga m'chitenje. Anawaika m'chibokosi muja, nachisenza pamutu.

"Mukupita nacho kuti, amake Mapalo?"

"Kwa akulu anga a Eliness. Kumeneko zinthu za akufa amaziopa. Mapalo akabwera kusukulu mumuuze anditsatire."

Anatsika pakhonde nalowera njira ya m'munda wa chimanga, osacheuka.

Yoram anamanga jenereta pa njinga. Atafika pampanda anaima.

"Nanga a kwaya ndikawauze chiyani?"

Aaron anali atakhala pansi, mita ili pamiyendo.

"Muwauze aimbe mokweza."