Kamwezi Konga Mbatata

Maloto a lero andidzutsa thukuta lili kamukamu, ine amene chichitireni ngozi ya njinga yamoto sindinayendepo popanda wondigwira.

Ndinalota ndili pa kamwezi kakang'ono, kokhotakhota ngati mbatata yomera pamiyala. Timiyezi tina tinkadutsa pamutu panga, kena konga chinangwa, kena konga dzino lobowoka. Dothi linali lozizira, lonunkha phulusa lonyowa. Mkazi wanga Nabanda ankaitana kuseri kwa kamweziko: "Bambo a Tadala, madzi osamba akuzizira!"

Ndinauyamba ulendo. Ndikaponda mwamphamvu ndinkauluka ngati nthenga, choncho ndinkakanirira miyala ndi zala za kumapazi. Ndinatsika dzenje, ndinakwera chitunda mutu uli chadodolido, mawu aja ali patsogolobe. Kenaka ndinaona mapazi a munthu m'fumbi, lina lozama, linalo longokwekwereza. Ndinati mumtima, wotsimphina uyu wafika kuno, ine ndilephere bwanji? Ndinamulondola mano ali gwa, mpaka ndinaponda m'phazi lake. Linandikwana ndendende. Kani ndinali nditazungulira kale kamwezi konse, ndikulondola mapazi anga omwe!

Nditawafotokozera m'mawa uno, Nabanda anati mwina ndi mankhwala a kuchipatala aja. Kaya. Tanthauzo lake sindikulidziwa.

"Ndipatseni ndodo, ndizungulire nyumba," ndinatero.

"Mugwatu, bambo."

"Ndikagwa ndidzuka. Inu musandilondole. Khalani pakhomo pompano, muzingondiitana. Nditulukira mbali inayo."