Nkhama za Amayi

Amayi analavulira m'beseni n'kuphimbapo thaulo msangamsanga, koma mwana wawo wamkazi, yemwe anali telala, anali ataona kale. Thovu la mankhwala otsukira mano linali lofiira.

"Amayi, magazi amenewo."

"Mswachiwu ndi wolimba basi. Kanditengere mpango wanga."

Panali patatha masiku asanu ndi anayi chiikireni bambo m'manda, kolona atawatenga. Anali kalipentala wanthabwala, woluma misomali akamakhoma, wotsegula mabotolo ndi mano, ndipo chiseyeye anakhala nacho zaka ndi zaka osaponda kwa dokotala wa mano ngakhale kamodzi. Tsiku limene anamwalira, dokotala anauza telalayo kuti matenda a nkhama mwina amachititsa kuti kolona afike poipa, ngakhale sakanatsimikiza kuti ndi zimene zinachitikira bambowo. Mawu amenewo anamukhala pamtima. Bambo anapita, inde, koma zoti amayi nawonso awatsatire chifukwa cha nkhama, iye sakanalola.

Pabalaza panali mlongo wake, dalaivala wa basi, akumwa tiyi atakhalira mpando umene bambo anausiya wosapaka vanishi. M'nyumbamo kulira kunali kutachepa, anthu atayambanso kuseka akakumbukira zochita za malemu.

"Asiyeni amayi apume kaye, achemwali," anatero dalaivala. "Za mano mudzakamba mwezi wamawa."

"Iwe Lolemba ukubwerera ku basi yako. Wotsala nawo ndine, ndiye usandiphunzitse."

Amayi analowa, n'kukhala pansi, n'kuyamba kuviika buledi mu tiyi mpaka atafewa ngati phala. Ankatafunira mbali imodzi.

"Ndakumvani," anatero. "Bambo anu anakalamba osayasamulira munthu pakamwa. Ine ndiyambe lero?"

"Nanga panopa ali kuti?"

Mawuwo anangopulumuka, ndipo telala anachita nawo manyazi pompo. Koma amayi anangomuyang'ana, kenako anaseka ataphimba pakamwa.

"Kulongolola kumeneku unatengera iwo ndithu."

Foni ya amayi inalira patebulo. Anaisuzumira n'kuikankhira kutali ndi chala.

"Ndi a mano aja. Sabata ino ndawakana katatu, koma samva. Iwe, unawapatsiranji nambala yanga?"

"Ine sindinaimbire munthu aliyense," anatero telala.

Amayi sanakhulupirire, ndipo dalaivala naye anakweza manja kukana. Telala anatenga foniyo, n'kuyankha, n'kukweza mawu kuti onse amve. Anali mayi wolandira odwala kuchipatala cha mano, wolankhula mofatsa.

"Pepani ndi maliro," anatero mayiyo. "Ndikufuna mayi a m'nyumbamo."

"Ndili pano," anayankha amayi. "Ndinakuuzani kale kuti sindibwera. Wakutumani ndani?"

"Lero ndingathe kukuuzani. Ndi amuna anu. Anatiimbira ali m'chipatala, akulankhula mopumira. Namwino amene ankawatsuka m'kamwa anawafotokozera za chiseyeye, ndiye anati zawo zachedwa, koma kunyumba kuli munthu amene amabisa magazi ndi thaulo."

Dalaivala anaika kapu pansi pang'onopang'ono. Telala anamva misozi ikubwera, koma mtima wake unapepuka koyamba chichitikireni maliro.

"Nanga bwanji simunanene tsiku loyamba lija?" anafunsa amayi.

"Anatiletsa. Anati mukamva dzina lawo tsiku loyamba mukana, n'kuwakalipiranso iwowo. Anati mumakana katatu chilichonse, ngakhale pamene ankakufunsirani, ndiye tisatope. Kachinayi ndi pamene tiwatchule."

Amayi anasisita m'mphepete mwa tebulo limene bambo anapala okha. Kenako anapukusa mutu, n'kumwetulira osaphimbanso pakamwa, nkhama zotupa zija zili poyera.

"Munthu ameneyu," anatero. Anakokera foni pafupi n'kuweramira. "Mawa mumatsegula nthawi yanji?"