Lachisanu Loyamba Patenti Itatha

Russ Lindqvist anafika palesitilanti ya Dottie msanga kuposa masiku onse. Anakhala pangodya pomwe ankakhala nthawi zonse, maso ali kukhomo, kudikira mnzake Marty Dombrowski.

Awiriwa anayamba limodzi, adakali payunivesite ku Madison, pulogalamu ya pakompyuta yochotsa phokoso m'nyimbo za m'malekodi ndi m'makaseti akale. Inali yaulere, ndipo aliyense ankatha kuitenga, kuiwerenga ndi kuikonza. Masiku amenewo ankakangana tsiku lonse, wina akulanda mnzake kiyibodi. Anthu osawadziwa a ku Finland ndi ku Brazil ankawatumizira zokonza, popanda wofunsa kuti nzeru imeneyi ndi ya yani.

Kenaka Marty anakwatira, napeza ntchito pakampani ina. Kumeneko anatulukira njira yosiyanitsa mawu a woimba ndi phokoso, ndipo kampani inailembetsa patenti, kutanthauza kuti kwa zaka makumi awiri wina aliyense sakanaigwiritsa ntchito popanda chilolezo. Anthu a mapulogalamu aulere anali ndi lamulo lawo: patenti sawerenga, ndipo munthu akamaifotokoza samvetsera. Ukaidziwa n'kulemba china chofanana nayo, maloya amati waba mwadala, ndipo khoti limalanga mowirikiza. Pulogalamu yonse ikanatha kufa chifukwa cha mawu ochepa onenedwa pachakudya.

Choncho Lachisanu lililonse ankadya nsomba yokazinga ndi mbatata, nakamba za chipale chofewa chimene chimagwa m'nyengo yozizira, za mpira, za mawondo. Marty akangoti "kuntchito", Russ ankakweza foloko, nkhani n'kuthera pomwepo. Poyamba ankaseka nazo. M'kupita kwa zaka Marty anasiya n'kuyamba komwe.

Lolemba la sabata imeneyo patenti ija inatha. Russ ankafuna kufunsa, koma ankaopa yankho lake. Mwina mnzake wamakani uja anapita kalekale, ndipo amene wakhala akudya naye ndi munthu wongozolowerana naye basi.

Marty analowa akukutumula chipewa.

"Wafika msanga, mdala. Amphaka aja akupitikitsa kunyumba?"

"Khala pansi, iwe."

Dottie anabwera ndi khofi. "Zomwe zija, anyamata?"

"Zomwe zija," anatero Marty. "Uyu mumupatse yopanda minga, mano anamuthawa."

Anakamba za msewu woterera, kenaka za mdzukulu wa Marty amene wayamba kuimba gitala moipa. Russ ankangovomera. Nsomba zitafika anati, "Paja Lolemba lija..."

"Kunagwa chipale."

"Ndikunena patenti yako."

"Yanga? Ya kampani, aise. Ndipo kampaniyo inagulidwa ndi ena, enawo n'kuigulitsanso. Ine ndinapuma. Masiku ano ndimakonza njinga za adzukulu."

Anafinyira ndimu pansomba nayamba kudya. Russ nayenso anadya. Sanaone chifukwa chokwiyira. Zaka makumi awiri n'zambiri, ndipo munthu amaloledwa kutopa ndi chinthu.

Marty anapukuta pakamwa. "Komabe, ukuchotsabe phokoso ndi njira yako yoyenda ngati nkhono ija?"

"Ngati nkhono?"

"Ndinkawerenga zonse zimene unkalemba. Zanu zinali poyera, ine panalibe wondiletsa. Chaka chija unadula mawu a zitoliro pamodzi ndi phokoso, ndinatuluka muofesi n'kukazungulira malo oimika magalimoto kuti ndisakuimbire foni."

"Zitoliro zija zinali bwinobwino."

"Zinkamveka ngati bakha wachimfine! Ndipo mnyamata wa ku Brazil uja atakuuza, unamuyankha zamwano."

"Anali wolakwa."

"Anali wolondola, mdala. Mutu wako ndi mwala."

Russ anakankhira mbale pambali. "Chabwino. Ndionetse yakoyo, tione ngati inali yoyenera maloya onse aja."

Marty anatenga kapepala kopukutira pakamwa ndi cholembera cha Dottie. Anajambula mzere wokhotakhota, naugawa pawiri, nalemba manambala angapo mofulumira. Kenaka dzanja linaima. Anayang'anitsitsa kapepalako kwa nthawi.

"Apa panali china chake," anatero motsitsa mawu. "Pakati apa. Ndinali nacho m'mutu nthawi yonseyi, ndikuuza."

Russ sanamuyang'ane kumaso. Anakokera kapepalako kwa iye. "Patentiyo ili pa intaneti. Tsopano ndikhoza kuiwerenga."

"Usataye nthawi. Analemba ndi maloya. Ine mwiniwake ndinaiwerenga kamodzi, sindinamvepo kanthu."

"Ndiye apa uyenera kuti unachotsa kaye mawu apansi."

"Ayi! Ukatero wapha ng'oma. Kodi iwe sudzaphunzira?"

"Nanga unatani?"

"Ndikanakumbukira bwenzi nditakuuza kale!" Marty analanda kapepala kaja, nakatembenuza kuseri. "Tiipezanso tokha. Mawa uli ndi chochita?"

"Ndimafuna kupita ndi mphaka kwa dokotala."

"Mphakayo adikire. Dottie! Tipatseni timapepala tina, mayi."